Malasha Ndi Malasha

"Musandimasulire, atate ake Purity. Wailesiyo yalankhula Chinyanja, ndipo makutu ndili nawo awiri."

Edna ananena izi ali chiweramire pathumba la malasha, akuwolera m'timapulasitiki toti akagulitse kumsika wa Chimwemwe. Kuno ku Kitwe makala amitengo timawatchula malasha, ndipo mayiyu anamera imvi akugulitsa malasha omwewa. Mwamuna wake, Laston Sakala, anali pampando pakhonde, wailesi pamwendo, atavala kajekete kobiriwira konyezimira kamene anapatsidwa ndi kampani. Inali seveni awazi, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma, koma munthu wamkulu anali atatseka zipi mpaka m'khosi.

"Vuto lanu, amake Purity, mumamva mawu koma tanthauzo limakupitirirani. Sananene kuti fakitale yafa. Ati aimitsa kaye."

"'Kaye' ameneyo mwamuwonjezera ndinu. Ati sadzamanganso."

"Atolankhani anaphunzira kuti za magetsi? Ine ndagwira kumgodi zaka twente-thuu."

"N'kukuchotsani."

"N'kundipumitsa."

"Eya, monga mmene aipumitsira fakitaleyi."

Laston anazimitsa wailesi ngati kuti ndiyo yamuchita chipongwe. Edna anaweramuka, nagwira m'chiuno ndi manja akudawo, chitenje n'kudindika zala mbali zonse ziwiri.

"Ine fakitale yanuyo kaya yafa, kaya yakomoka, kaya yapita kukaona abale kumudzi, sizikundikhudza. Ndikufunsa za munda wa atate anga. Mvula yatsala masabata atatu. Waya uja achotsa liti kuti ndikalime?"

"Zimenezo zili ndi ndondomeko yake."

"Ndondomeko! Zaka ziwiri tikudya ufa wogula, ife anthu okhala ndi munda. Mango a atate amangogwa okha kuseri kwa waya chaka ndi chaka, alonda afika potupa nawo masaya. Inu mukuti ndondomeko. Tiithire mchere ndondomekoyo kapena tidye choncho?"

Mundawo unali kuseri kwa msewu wopita ku Ndola, ulendo wa minibasi imodzi ndi mapazi pang'ono. Malemu a Lighton Njobvu, atate ake a Edna, anaupempha kwa eni nthaka atasiya ntchito ya pansi pa mgodi, nabzala mango asanu ndi awiri m'malire, njere zake zochokera kwawo ku Katete. Ndiye zaka ziwiri zapitazo kunabwera anthu a zipewa zoyera ndi nsapato zosadziwa fumbi, ati amanga pamenepo fakitale yopanga magetsi potentha malasha, kuti kuzimazima kwa magetsi kuthe pa Kopala ponse, chigawo chathu cha migodichi. Anafuna wowamasulira. Laston, amene Chingerezi chake chinali chitachita dzimbiri pakhonde chichotsedwere ntchito, anaimika dzanja iwo asanamalize n'kufunsa komwe. Tsiku lomwelo anavala kajekete, ndipo sanakavulenso, kupatula posamba, tikhulupirire choncho.

"Ndipita ku ofesi ndikalankhule ndi mabwana," anatero Laston. "Amandidziwa ndi dzina."

"Liti?"

"Sabata ino ndili ndi mamitingi."

"Ndi ndani? Ndi nkhuku za aneba?"

Laston anayang'ana kumwamba ngati munthu woganiza za dziko. Edna anasenza beseni lake n'kutuluka pachipata osatsanzika.

Lachisanu la sabata yomweyo kumsika kunafika Maud, mayi wamasiye wa ku Kamitondo, Mbemba wa pakamwa pakuthwa, amene munda wake unagundana malire ndi wa Edna. Moni sanapereke. Anangokhala pathumba la malasha ndi chitenje chake choyera cha kutchalitchi, ndipo Edna anadziwiratu kuti kwaipa, chifukwa Maud sakhalira malasha ngakhale atatopa chotani.

"Bana Purity, ndabwera kudzatenga lole yanga."

"Lole yanji, Maud?"

"Mwa malole fifite aja. Si munabwera kwanga inu, mvula ili pamsana, ati Maud saina, usachedwe? Ati fakitale izidzadya malasha malole fifite pa tsiku, ndipo osaina oyamba ndiwo adzakhale oyamba pa mndandanda wa operekera? Awe mwandi, ine ndinasaina wachitatu. Ndipatseni lole yanga, ndikweze ana anga tizikagona momwemo."

Edna anazyolika, chifukwa zinali zoona. Pamsonkhano uja, pansi pa mango a atate ake, iye ndiye anaimirira n'kufunsa kuti malasha ake ndi ati, kodi onga amene timagulitsawa? Laston sanatembenukire n'komwe kwa bwana wa chipewa choyera kuti akafunse. Anangoyankha yekha pa maikolofoni: "Malasha ndi malasha, amayi." Nthungululu zinalira. Azimayi ogulitsa m'timapulasitiki anadziona ali kale m'malole, atakhala kutsogolo ndi dalaivala. Ndipo popeza amayi a minda yoyandikana ankamukhulupirira Edna, munthu wosabera ngakhale pa muyezo, iye ndiye anayenda khomo ndi khomo kunyengerera okayika. Anasaina onse naini. Analandira Fanta, banzi, sikipa yolembedwa kuti Tsogolo Lowala, ndi kaenvelopu kamene kanatha mwezi usanathe.

"Maud, usandilase pamtima. Nanenso wanga uli kuseri kwa waya womwewo."

"Inu muli ndi ba Sakala, injiniya wa jekete. Ine ndili ndi ndani? Ndipo azimayi enawo andituma. Ati Lamulungu kutchalitchi mudzafune benchi lina, lawolo ladzaza."

Mawu amenewo anamupweteka Edna kuposa mbama. Benchi limenelo anakhalapo zaka zonse, kuyambira Purity ali kumsana mpaka kukwatiwa, ndipo sanaganizepo kuti lingadzaze iye ali moyo.

"Lolemba ndipita ndekha ku Ndola, ku ofesi yawo. Ngati fakitale kulibe, atibwezere minda. Nanga alidya dothilo?"

"Pitani. Mukawauzenso kuti sikipa yawo ndinakolopera m'nyumba, koma nayonso inali yabodza, sinathe sabata."

M'mawa wa Lolemba Laston anadzuka ndi mwendo wopweteka, mwendo womwewo umene dzulo lake unavina bwinobwino popita kukaponya chopereka. Edna sanalimbane naye. Anasamba, nakwecha manja ndi mwala mpaka kutentha, koma mizere ya m'zikhato inatsala yakuda monga mwa masiku onse. Anakwera minibasi ya ku tauni, n'kukwera ina ya ku Ndola.

Ofesi inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Pakhomo chikwangwani chinali chitachotsedwa, patatsala mabowo anayi a misomali. Mkati munali mkazi mmodzi yekha wa zaka ngati za Purity, akulonga mapepala m'makatoni. Anamulonjera Edna m'Chibemba, koma atamva kayankhidwe anasintha.

"Ndinu a kum'mawa, mayi? Amayi anga ndi a ku Chipata. Ndine Beauty. Khalani pakatonipo, mipando anatenga Lachinayi."

"Mabwana ali kuti, mwanawe?"

"Anakwera ndege. Ine anandisiyira makiyi ndi kalata yondithokoza."

"Nanga fakitale yalephereka chifukwa chiyani?"

"Anthu akunja amene amati aikemo ndalama asintha maganizo. Ati utsi wa malasha ukuwononga mpweya wa dziko lonse, iwo sakufunanso kuikapo dzanja."

"Utsiwo auona lero? Zaka ziwiri zapitazo unali kununkhira?"

Beauty anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene nayenso mawa alibe kopita.

"Chabwino," anatero Edna, "mpweya wapulumuka, tithokoze Mulungu. Manje minda yathu? Ine wanga ndi wa mango seveni, pamene munachitira msonkhano. Ndikufuna ndibzale ndi mvula yoyamba."

Beauty anasiya kulonga. Anapukuta manja m'siketi ngakhale munalibe chopukuta.

"Mayi, pepala munasaina lija silinanene kuti mukubwereketsa. Linati mwapereka. Kampani inatenga mapepala a umwini, ndipo mwezi watha inagulitsa malo onse kwa anthu ena odula mapuloti a nyumba. Ndinalemba kalata yake ndine, patebulo lomweli."

Munthu akamagwa amagwira chilichonse, ndipo Edna anagwira chimene chinatsala.

"Nanga mndandanda uja? Wa ife operekera malasha. Mwina kukabwera kampani ina idzaupeza, idzadziwe kuti tinali oyamba."

"Mndandanda uti?"

Edna anafotokoza za malole fifite, za osaina oyamba, zonse monga anazimvera. Beauty anamuyang'ana kumaso, kenako m'zikhato muja, ndipo anagwira pakamwa. Patebulo panali chinthu chakuda chachikulu ngati nkhonya, chopsinjira mapepala kuti asauluke. Anachinyamula n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Mayi, malasha ake ndi awa."

Edna anachilandira, dzanja n'kutsika ndi kulemera. Chinali chozizira, chonyezimira ngati chanyowa. Anachigogoda ndi chikhadabo monga amachitira posankha malasha kwa owotcha, pakuti malasha abwino amalira ngwee. Ichi sichinalire.

"Uwu ndi mwala."

"Amakumba pansi, kutali kummwera, n'kubwera nawo pa sitima. Amitengowa fakitale sikanagula ngakhale kachidutswa. Mndandanda kunalibe, mayi. Mafayelo onse adutsa m'manja mwangamu."

Zoti kuli malasha amiyala Edna anali atamvapo, monga munthu amamvera za nyanja yamchere. Koma anafunsa, poyera, pamaso pa anthu, ndipo anayankhidwa.

"Womasulira uja sanakuuzeni?" anafunsa Beauty. "Ba Sakala. Mabwana ankawatama kwambiri. Ati kwina anthu amakana miyezi ndi miyezi, koma kwa ba Sakala anasaina sabata imodzi. Mukuwadziwa?"

"Ndimawadziwa. Timapemphera tchalitchi chimodzi." Edna anaimirira. "Mwalawu ndingatenge?"

"Tengani, mayi. Palibe adzaufunse."

Anafika ku Chimwemwe cha m'ma fifitini awazi. Laston anali pakhonde, mwendo utachira mozizwitsa, akugwedeza phazi ndi nyimbo ya pawailesi. Edna anamudutsa, nalowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatuluka ndi madzi osamba m'manja ndi mbale yovundikira. Anagwada, namusambitsa mwamuna wake mwaulemu wonse wa ku Katete, n'kuika mbale pakatebulo.

"Ee, lero kwagwa chiyani?" anatero Laston, akumwetulira. Anavundukula, ndipo kumwetulira kunathera pomwepo.

"N'chiyani ichi?"

"Ndimati mundiuze inu, a womasulira. Ife ndife osaphunzira."

Laston anautembenuza mwala uja m'mbalemo. "Awa ndi malasha."

"Nanga awo ali m'thumbawo?"

"Malasha."

"Oho."

"Ndiye ndinanama pati? Tandiuzani, ndinanama pati? Bwana ananena liwu lake la Chingerezi, ine ndinalipereka m'chilankhulo chathu. Kodi ndine ndinapanga Chinyanja? Kafunseni a Bemba, nawonso liwu lake ndi lomwelo. Ngati pali wolakwa ndi chilankhulo."

"Zoona. Tiyeni tikachimange chilankhulocho, tikachisiye ku polisi. Mwina chikagona masiku awiri chidzatibwezera munda." Edna anali chigwadire, ndipo mawu ake sanakwere. "Zaka twente-thuu kumgodi, atate ake Purity. Mwala uwu munali kuudziwa kapena ayi?"

Laston anayang'ana kumsewu. Kunalibe wodutsa woti amupulumutse.

"Ndinauwola ndi fosholo zaka sikisi ku ng'anjo yosungunulira kopa."

"Nanga malole fifite?"

"Malole analipo. Pa pepala analipo."

"Mndandanda?"

"Umenewo ndinangowonjezera kuti nkhani ikome. Anthu akanakana chitukuko chifukwa cha umbuli."

"Mbuli yoyamba n'kukhala mkazi wanu. Munandiona ndikutuluka ndi ambulera kupita kwa Maud, mayi wamasiye, kukamuuza kuti asaine. Munanditsegulira chipata inu nomwe."

Laston anatsitsa zipi ya kajekete pang'ono, ngati kamutsamwitsa. Pamene analankhula, mawu a pa maikolofoni aja munalibe.

"Amake Purity, zaka folo ndinakhala pakhonde pano. Wondipatsa moni anali wosokera njira. Ngakhale ya sopo ndinkapempha kwa inu. Tsiku lija anthu handiredi anakhala chete kumvera ine, Laston. Mutafunsa funso lanu lija ndinaona kuti ndikayankha zoona onse anyamuka, mabwana atenga wina, ine ndibwerera pampando uno. Ndinati fakitale ikabwera ndidzapeza ntchito yeniyeni, mudzaiwala za munda."

Chisoni chinamugwira Edna, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa kuposa bodza lenilenilo. Munthuyu anabereka naye mwana, anamudikira pachipata cha mgodi tsiku limene pansi panagumuka.

"Munda agulitsa," anatero Edna. "Akudula mapuloti."

Laston sanadzidzimuke. Edna anaona bwinobwino kuti sanadzidzimuke.

"Izinso mumazidziwa?"

"Ndinamva mphekesera. Koma eni atsopanowo ndayamba kale kudziwana nawo. Ndipatseni masabata awiri okha. M'munda muja mudzalowa, ndikulumbira pa kolona."

"Isiyeni kolona, sinakulakwireni."

Anadzuka, natenga madzi aja kukathira pa mpiru wake wa kuseri kwa nyumba. Mbale anaisiya pomwepo.

Masabata awiriwo Laston ankatuluka m'mawa n'kubwera madzulo, nsapato zili ndi dothi lofiira. Edna sanamufunse. Lamulungu ankakhala benchi la kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala ochedwa ndi a ana olira. Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri masana, yamphamvu, yochotsa fumbi pa malata. Mawa lake minibasi zinadzaza ndi azimayi a makasu, ndipo Edna, ali pa malasha ake kumsika, anatembenuzira mpando kukhoma kuti asawaone. Fungo la dothi lonyowa linamulowa m'mimba ngati njala.

Lachisanu Laston anabwera atavala kajekete katsopano, kofiirira, kolembedwa dzina lina kumsana.

"Mawa valani za kumunda. Muuzenso Maud. Mukulowa."

"Kulowa kwake kotani? Masulirani bwino, a Sakala."

"Chipata chatseguka, ntchito ikukudikirani. Mukufunanso chiyani, kalata ya abishopu?"

Apa Edna akanafunsitsa. Inu ndi ine tikanafunsitsa. Koma mtima wake unali utathamanga kale kukafika kumunda, ndipo mutu unangotsatira. Anatumiza uthenga kwa Maud, natulutsa chigubu cha mbewu ya chimanga cha makolo chimene anasunga ndi phulusa pansi pa bedi zaka ziwiri zonsezi. Anatenga njere imodzi n'kuiluma. Inali yolimba, yosafumbwa.

Loweruka anatsika minibasi ali atatu: Edna ndi khasu ndi chigubu, Maud ndi khasu lake, Laston patsogolo atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'saka. Maud anali asanamulankhule Edna chiyambire ulendo, koma atafika pa njira ya kumunda anamulandira chigubu kuti apumuleko dzanja.

Chipata chinalidi chotsegula. Edna analowa, napeza udzu wofika m'chiuno pamene kale panali mizere. M'udzumo munali zikhomo zachitsulo zopaka utoto wofiira, pano, apo, mpaka pamwamba pa chulu. Mango onse asanu ndi awiri anali pomwe anawasiya, atabereka mpaka nthambi kukhudza pansi, zipatso zikadali zobiriwira, zina zitangoyamba kufiira m'mapewa. Pamthunzi wa woyamba panaima galimoto yoyera, ndipo pambali pake panali bambo wa malaya osita bwino. Kuwaya kunakhala amuna awiri ndi macheka a injini, akusuta fodya.

"Awa ndi bwana Clive a ku Ndola," anatero Laston, mawu a pa maikolofoni aja atabwerera. "Agula mapuloti atatu pano. Akufuna malo oyera pofika Lolemba la sabata ya mawa, amisiri akubwera kudzakumba maziko. Mitengo yonse seveni ichoke. Amati apatse amuna awo ali apowo, koma ine ndinati ayi bwana, ndili ndi amayi akatswiri. Mudule, muotche, malasha onse ndi anu. Ulere! Ndipo si pano pokha. Minda yonse naini ndakugwirirani, muitanenso anzanu aja."

Anamasula saka. Munali nkhwangwa ziwiri zatsopano, mipini ikadali yoyera.

Clive anayandikira, napereka moni m'Chibemba ndi manja awiri, munthu waulemu ndithu, wobadwira m'tauni.

"Ndamva kuti kale munkalima chakuno, mayi. Mulungu ndi wabwino. Taonani mmene wakutsegulirani khomo."

"Watsegula zedi," anayankha Edna m'Chibemba chomwecho. "Bwana, mango awa atsala masabata awiri kuti apse. Tadikirani apse, ana adyeko komaliza."

"Ndikanakonda, mayi, koma amisiri ndapangana nawo kale. Komanso mizu ya mango imang'amba maziko." Anamwetulira mopepesa, nabwerera ku galimoto kukayankha foni.

Maud analavula pansi. Anayang'ana nkhwangwa, anayang'ana amuna a kuwaya aja, kenako anakokera Edna pambali.

"Bana Purity, tikakana, awo aliza makina awo. Pofika masana zonse zili pansi, malasha n'kupita kwawo ku Chipulukusu."

"Ukuti tidule, Maud?"

"Ndikuti kwanga ufa watsala wa mawa. Ana anga sadya ulemu."

"Atate anabwera nazo njere zimenezi m'thumba la jekete, pa lole, masiku atatu."

"Ndikudziwa. Ndadya mango awa zaka zonse, simunandikanize. Koma agwa lero, kaya ndi dzanja lathu kaya ndi la awo."

Laston anaona kuti azimayi akunong'onezana, nayesa kuti akugawana ntchito. Anafika pafupi, chifuwa patsogolo.

"Mwaona, amake Purity? Ndinanena ine kuti chifukwa cha fakitale imeneyi mudzagulitsa malasha ambiri. Ndinanama?"

Edna anaika khasu pansi. Anawerama n'kutola nkhwangwa imodzi, naiyesa kulemera. Laston anabwerera chammbuyo, phazi limodzi, mapazi awiri, mpaka msana unagunda galimoto ya Clive.

"Musathawe, a Sakala. Nkhwangwa yatsopano sindingaibunthitse pa inu."

Anapita ku mtengo wa kumapeto, wa pafupi ndi chulu, waukulu kuposa yonse. Anaika chikhato pa khungwa lake kanthawi. Mantha analibe, mkwiyo unali utatha. Chimene chinatsala chinali manyazi, manyazi a mwana amene wataya chimene anamusungitsa. Anamanga chitenje mwamphamvu, nakweza nkhwangwa.

Itagunda koyamba mtengo unanjenjemera, mango osapsa n'kugwa pa mapewa pake ndi m'udzu. Itagunda kachiwiri Edna anayamba kulira, osati kobisa ayi, kulira kwa pa maliro, kokweza, m'Chichewa cha ku Katete chimene anali atasiya kulankhula m'tauni muno.

"Atate ine! A Njobvu ine! Ndine Edna, mwana wanu. Munandisiyira munda, ndinasaina ndine, ndi dzanja langali. Musafunse wina, ndine! Atate inee!"

Ankalira akudula, akudula akulira. Maud anatenga nkhwangwa inayo n'kuima mbali ina ya mtengo, misozi ili mbwembwembwe, ndipo nkhwangwa ziwirizo zinayamba kulandizana. Amuna a kuwaya aja anazima fodya wawo, nanyamula macheka kubwerera kumsewu.

Clive anamaliza foni yake. Anamvetsera kanthawi ali chapatali, koma Chichewa chimenecho sanatolepo kanthu. Anatembenukira kwa Laston.

"Ba Sakala, mayiyo akuti chiyani? Ikumveka ngati nyimbo."

Laston anakonza kolala ya kajekete kake katsopano, nakweza zipi mpaka m'khosi.

"Akuthokoza, bwana," anatero. "Kwawo amathokoza choncho."